Kernel ya debug yalemera, vuto labisala: tiyatse ziti mu Kernel hacking?

Mbewe_Turffontein

Akuluakulu a kuno ku Joni, mwaswera bwanji? Ndikupempha nzeru pa nkhani ya ma option a debug pomanga kernel ya Linux.

Tili ndi timakompyuta ta x86_64, RAM 4 GB, Ubuntu 22.04, timene timawerenga mita ya pa inverter kudzera pa USB. Driver ya mitayo ndi module yolemba tokha, ya kunja kwa kernel. Ili ndi timer imene imatumiza URB (pempho la pa USB) yofunsa mita sekondi iliyonse. URB ikabwerako imaitana work (ntchito yomwe kernel imaiika pamzere kuti ichitike pambuyo pake) yosanthula zomwe zabwera, ndipo workyo ndiyo imatcheranso timer. Tsiku labwinobwino zonse zimayenda. Koma magetsi akamathima kapena kubwera, kaya ndi loadshedding kaya ndi mphenzi za masana za nyengo ya mvula ino, mita imachoka pa USB n'kubwereranso, ndipo nthawi zina kompyuta imauma pomwepo. Siizima poti ili pa batire, imangoti zii, ping osayankha. Mukaiyatsanso, `journalctl -b -1` mulibe chilichonse chothandiza.

Ndatenga 6.6 LTS ku kernel.org, ndakopera config ya Ubuntu ya mu /boot, ndipo mu Kernel hacking (gawo la ma option a debug mu menuconfig) ndayatsa KASAN (yogwira code yokhudza memory molakwika), PROVE_LOCKING (lockdep, yoyang'anira dongosolo la ma lock), DEBUG_KMEMLEAK, DEBUG_PAGEALLOC, UBSAN ndi KGDB zonse pamodzi. Compile inadzaza disk, initrd sinakwane mu /boot. Pofuna kuchepetsa ndinasankha DEBUG_INFO_NONE. Tsopano kernel ikudzuka, koma makina akukwawa, ndipo vuto lija silikubweranso ngakhale ndizule chingwe n'kubwezera kangati. Ndayesanso kubwezeretsa ma symbol ndi `scripts/config --enable DEBUG_INFO`, koma faddr2line (script yosandutsa address kukhala mzere wa code) ikungoti "CONFIG_DEBUG_INFO not enabled".

Pa vuto la mtundu uwu, zofunikadi kuyatsa ndi ziti, ndipo ndiyambe ndi chiti?

Nachisale_Randburg

A Mbewe, menuconfig muisiye kaye. Chimene mukusowa choyamba ndi njira yoti mawu omaliza a kernel akufikeni. Ngakhale mutayatsa chida chabwino chotani, chikalemba lipoti lake makina n'kuuma lipotilo lisanatuluke, mwagwira ntchito pachabe.

Journal ikukhala yopanda kanthu chifukwa journald ndi pulogalamu wamba ya user space. Kernel ikagwa m'kati mwa interrupt kapena softirq, monga mu timer, imapita ku panic nthawi yomweyo ndipo palibenso pulogalamu imene imapatsidwa CPU kuti ilembe pa disk. Komanso `panic` ikakhala pa 0, monga zimakhalira mukapanda kuisintha, makina amangoima mpaka kalekale. Ndiye n'kutheka kuti kuuma mukukunenaku ndi panic yomwe palibe anaiwerenga.

Yambani ndi netconsole, ndipo iyi imagwira ngakhale pa kernel ya Ubuntu yomwe ili pa makinawo, simufunika kumanga chilichonse. Imatumiza mzere uliwonse wa printk pa UDP. Muyenera kugwiritsa ntchito chingwe cha Ethernet, osati Wi-Fi. Chinthu china chofunika kwa ife okhala kuno: musadutsitse chingwecho pa router kapena switch ya pakhoma. Vuto lanu limabwera nthawi yomwe magetsi akuphethira, nthawi yomweyonso switch imakhala yazima kapena ikudzuka kumene, ndipo UDP siibwereza zomwe zatayika. Lumikizani laputopu molunjika, iyo mupatse 10.0.0.1, kamakinako 10.0.0.2.

Pa laputopu:

`nc -u -l 6666 | tee mita.log`

Pa kamakina:

`modprobe netconsole netconsole=6665@10.0.0.2/enp1s0,6666@10.0.0.1/aa:bb:cc:dd:ee:ff`
`dmesg -n 8`

M'malo mwa aa:bb muike MAC ya laputopu, ndipo dzina la khadi mulione ndi `ip link`. Mzere wa `dmesg -n 8` musaudumphe, chifukwa netconsole imangotumiza zomwe zaloledwa kufika pa console, ndipo `quiet` ya mu grub imatsekereza zambiri. Ngati laputopu ili ndi ufw, tsegulani 6666/udp. Yesani ndi `echo mayeso > /dev/kmsg`. Zikafika, gwetsani kernel mwadala ndi `echo c > /proc/sysrq-trigger` muone ngati Call Trace yonse yafika pa laputopu. Muchite izi musanayambe kudikira kuti magetsi athime.

Kenako mu /etc/default/grub chotsani `quiet splash`, muike izi, n'kupanga update-grub:

`oops=panic panic=20 softlockup_panic=1 nmi_watchdog=panic hung_task_panic=1 log_buf_len=4M`

Cholinga chake n'choti kuuma kwa mtundu uliwonse kusanduke panic yolankhula. SOFTLOCKUP_DETECTOR imalira CPU ikakhala masekondi 20 mu kernel osapereka mpata kwa ena. HARDLOCKUP_DETECTOR imadalira NMI ndipo imagwira CPU yomwe yatseka ma interrupt kwa masekondi 10. DETECT_HUNG_TASK imadikira masekondi 120 pa task yomwe yakakamira mu D state. Zitatuzi mu kernel yanu yomanga nokha zikhale zoyatsa nthawi zonse, sizilemetsa makina.

Pa makina omwe ali kwa makasitomala, komwe simungasiye laputopu, pali pstore. Pa PC ya UEFI, EFI_VARS_PSTORE imalemba mizere yomaliza ya dmesg mu NVRAM ya firmware, ndipo makina akadzuka mumaipeza mu /sys/fs/pstore, kapena mu /var/lib/systemd/pstore ngati systemd yaisamutsa kale. Ngati config ili ndi EFI_VARS_PSTORE_DEFAULT_DISABLE, onjezani `efi_pstore.pstore_disable=0`. Ramoops ndi yabwino pa ma board a ARM, koma imasunga mu RAM, ndiye munthu akadina batani la power mpaka makina kuzima, kapena batire likatha, zonse zapita. Kwa inu ya EFI ndiyo yoyenera.

Phiri_Midrand

Zomwe anena mayi Nachisale muchite zonse. Ine ndikhudze za config.

Nkhani ya DEBUG_INFO ndi yachidule. Kuyambira 5.18, option imeneyi simuisankha nokha, imayatsidwa ndi chisankho cha mtundu wa DWARF, kalembedwe ka ma symbol a debug. Mukailemba pamanja mu .config, `make olddefconfig` imaifafaniza osakuuzani. Chitani chonchi:

`scripts/config -d DEBUG_INFO_NONE -e DEBUG_INFO_DWARF5 -d DEBUG_INFO_REDUCED -d DEBUG_INFO_BTF -e GDB_SCRIPTS -e KALLSYMS_ALL`
`make olddefconfig`
`grep DEBUG_INFO .config`

Chizolowezi chopanga grep mukatha olddefconfig chikhale cha option iliyonse. Zambiri za mu Kernel hacking zimadalira zinzake, ndipo chodaliracho chikasowa zimangozimiririka. `scripts/diffconfig .config.old .config` imaonetsa zomwe zasinthadi. REDUCED ndaizimitsa chifukwa imachotsa mbiri ya ma struct, ndiye gdb singakuonetseni zam'kati mwa timer_list yanu. BTF ndi ya BPF, imafuna pahole, ndipo pano ingokuchedwetsani.

Disk inadzaza osati chifukwa cha DWARF yokha ayi, koma chifukwa config ya Ubuntu imamanga ma module masauzande a zida zomwe mulibe, iliyonse ndi ma symbol ake. Yotereyi imatha kudutsa 20 GB. Pa kamakinako, mita ili yolumikiza ndipo netconsole mwaikweza kale, pangani `lsmod > lsmod.txt`, mupite nayo fayiloyo pa kompyuta yomangira, kenako `make LSMOD=lsmod.txt localmodconfig`. Ndanena kuti netconsole ikhale yokweza chifukwa localmodconfig imachotsa module iliyonse yomwe sili pa mndandandawo, ndiye mukhoza kudzuka ndi kernel yatsopano yopanda chida chanu chomvera. Za initrd: `make modules_install` popanda `INSTALL_MOD_STRIP=1` imaika ma module ndi DWARF yawo yonse, initrd n'kutupa. Njira yosavuta ndi `make -j$(nproc) bindeb-pkg`, imene imapatula ma symbol mu phukusi la -dbg palokha. Ikani LOCALVERSION monga `-dbg1` kuti muzidziwa kernel yomwe yadzuka, ndipo vmlinux ya kernel imeneyo muisunge pamodzi ndi .ko yanu yosadula ma symbol. Mukamanganso, ma offset amasintha, log yakale siingawerengedwe ndi vmlinux yatsopano. Amene adzawerenge pano akukoperanso config ya Ubuntu: SYSTEM_TRUSTED_KEYS ndi SYSTEM_REVOCATION_KEYS muziike pa "" apo ayi compile idzaima pa debian/canonical-certs.pem.

Tsopano chifukwa chimene vuto labisalira. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene, ndipo zida mwayatsazi zina zimatsekana pakamwa. KASAN imalemba lipoti loyamba lokha, ena onse imangokhala chete pokhapokha mutaika `kasan_multi_shot` pa command line. Ngati driver ina inayambitsa lipoti pa boot, lanu silidzaoneka. Lipoti lomwelo limaika taint (chizindikiro choti kernel yadetsedwa) imene imazimitsa lockdep, mudzaona mzere wa "Disabling lock debugging due to kernel taint", ndipo kuyambira pamenepo PROVE_LOCKING ikungodya CPU popanda ntchito. Onani `dmesg | grep "BUG: KASAN"` ndi `grep debug_locks /proc/lockdep_stats`, ikakhala 0, lockdep inazima kale. Chinanso, KASAN ili ndi quarantine: memory yomasulidwa siiperekedwanso msanga kwa wina. Ngati kugwa kwanu kumachitika chifukwa chakuti wina walemba pamalo omwe mwamasula, quarantine ikuletsa zimenezo, makina n'kumaoneka ngati achira. Kuwonjezera apo, generic KASAN imatenga gawo limodzi mwa magawo 8 a RAM kukhala shadow, pa 4 GB ndi pafupifupi 512 MB, ndipo kuchedwa kwake kumasintha dongosolo lomwe ma CPU amapezanirana. DEBUG_PAGEALLOC imayang'ana ma page athunthu, pomwe struct yanu ndi kachinthu ka mu slab. Kmemleak imafufuza memory yomwe mwaiwala kumasula, lomwe ndi vuto lotsutsana ndi lomwe tikulikayikira.

Mmene mwafotokozera, timer imaitana URB, URB imaitana work, work imatchera timer. Ndi mkombero, ndipo pa disconnect mkombero wotere ukadulidwa molakwika, chimodzi chimatsala chamoyo struct itamasulidwa. Chida chopangidwira zimenezi ndi DEBUG_OBJECTS. Zimitsani KASAN, KMEMLEAK, PAGEALLOC, UBSAN ndi KGDB, muyatse izi:

`DEBUG_OBJECTS DEBUG_OBJECTS_FREE DEBUG_OBJECTS_TIMERS DEBUG_OBJECTS_WORK DEBUG_LIST DEBUG_ATOMIC_SLEEP PROVE_LOCKING`

Ubwino wake ndi wakuti imayang'ana pa nthawi ya kfree yeniyeniyo. Ngati m'kati mwa memory mukumasulayo muli timer kapena work yomwe ikadali pamzere, imalemba pomwepo, ndi dzina la function ya timeryo komanso Call Trace ya amene wamasula. Simudikira kuti memory iwonongeke kaye. DEBUG_OBJECTS_FREE musaiiwale, popanda iyo kfree siyang'aniridwa.

Pa command line onjezani `slub_debug=FZPU`. P imadzaza memory yomasulidwa ndi 0x6b, ndiye mukaona 6b6b6b6b6b6b6b6b mu register kapena mu mzere wa "general protection fault, probably for non-canonical address", mwadziwa kuti mwagwira chinthu chomasulidwa kale. Z imaika mpanda m'mbali mwa object kuti kulemba mopitirira kudziwike, U imasunga amene anaitenga ndi amene anaimasula, F imaona ngati freelist ili bwino. Ngati makina alemedwa, ikani pa cache imodzi yokha, monga `slub_debug=FZPU,kmalloc-512`, malinga ndi kukula kwa struct yanu.

Chomaliza, dzanja la munthu limachedwa. Mukazula chingwe n'kubwezera pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposa, pomwe mita yomwe magetsi aphethira imabwera msanga kuposa pamenepo. Tsitsani nthawi ya timer kufika 10 ms pa mayeso okha kuti URB izikhala panjira nthawi zambiri, ndipo muzule ndi pulogalamu:

`while true; do echo 0 > /sys/bus/usb/devices/1-2/authorized; sleep 0.2; echo 1 > /sys/bus/usb/devices/1-2/authorized; sleep 0.3; done`

1-2 musinthe ndi doko lomwe `lsusb -t` ikukuonetsani.

Mbewe_Turffontein

Zikomo kwambiri mayi Nachisale, zikomo a Phiri. Pa kernel yakale ija, debug_locks inalidi 0 ndipo munali lipoti limodzi la KASAN la pa boot. Ndamanganso monga mwanenera, netconsole ikufika pa laputopu, ndipo loop ya authorized yatulutsa izi isanathe mphindi imodzi:

```
ODEBUG: free active (active state 0) object: 00000000c41f7a2e object type: timer_list hint: mita_poll_timer+0x0/0x90 [mita_usb]
WARNING: CPU: 1 PID: 1184 at lib/debugobjects.c
Call Trace:
 debug_check_no_obj_freed
 __kmem_cache_free
 mita_disconnect+0x74/0xa0 [mita_usb]
 usb_unbind_interface
```

faddr2line yaloza pa kfree. Disconnect yathu ili chonchi:

```
del_timer(&m->timer);
cancel_work_sync(&m->work);
usb_kill_urb(m->urb);
usb_free_urb(m->urb);
kfree(m);
```

Chomwe sindikumvetsa: timer ndaichotsa pa mzere woyamba, nanga ikupezekanso bwanji yamoyo pa mzere womaliza? Komanso makina sanagwe, ndipo atalemba malipoti asanu angosiya ngakhale loop ikupitirira.

Kalua_Braamfontein

Achimwene a Mbewe, log imeneyi yanena zonse. Tiyeni tiiwerenge ndi dongosolo lomwe USB core imatsata.

Isanaitane disconnect yanu, usb_unbind_interface imayamba yazimitsa ma endpoint a interface, ndipo URB iliyonse yomwe ili panjira imabwezedwa ndi error. Completion handler yanu imathamanga, ndipo ngati siyang'ana status imaitana schedule_work monga mwa masiku onse. Work imayamba pa CPU ina. Nthawi yomweyo disconnect yanu yalowa, yapanga del_timer, koma timer sinatcheredwe n'komwe chifukwa inali itaphulika kale potumiza URB ija, ndiye palibe chachotsedwa. Kenako cancel_work_sync yapeza work ili m'kati, yaidikira kuti imalize. Work pomaliza yapanga mod_timer. Timer yabwerera pamzere mutaidutsa kale, ndipo kfree yamasula struct yomwe timer_list ili m'kati mwake.

Chifukwa chimene kuzula ndi dzanja sikugwetsa makina: memory yomasulidwayo imakhala ikadali ndi zinthu zake zakale, timer imaphulika pakatha sekondi, kutumiza URB kumakanika poti chida kulibe, zinthu n'kuthera pomwepo mwamwayi. Koma mita ikabwera sekondiyo isanathe, probe (function ya driver yolandira chida chikalumikizidwa) imaitana kzalloc ya kukula komweko, ndipo SLUB, yogawa memory mu kernel, imakonda kupereka object yomwe yangomasulidwa kumene. kzalloc imaika ma zero pa timer_list yomwe ikadali yolumikizidwa mu timer wheel ya kernel. Softirq ya timer ikafika pamenepo imatsata pointer yowonongeka, ndipo mapeto ake ndi "Fatal exception in interrupt". Ndi kuuma kuja. Mita yomwe magetsi akuithera imasiyanso kuyankha URB ikadali panjira, ndiye mpata wa mpikisanowu umakula nthawi yeniyeni imene inu mumaona vuto.

Makina sanagwe lero chifukwa DEBUG_OBJECTS ikagwira timer yotere imaichotsa yokha pamzere kfree isanapitirire. Malipoti imasindikiza asanu okha kuti isadzaze log, koma imapitiriza kuwerenga. Onani mizere ya warnings ndi fixups mu /sys/kernel/debug/debug_objects/stats. Mukakonza, manambala amenewo ndiwo umboni wanu, akhale pa 0 loop itayenda usiku wonse.

Kukonza kwake, pa 6.6 muli timer_shutdown_sync, yomwe inalowa mu 6.2 chifukwa cha mikombero ngati yanuyi. Imadikira handler ngati ikuthamanga, imachotsa timer, ndipo mod_timer iliyonse yobwera pambuyo pake imanyalanyazidwa.

```
timer_shutdown_sync(&m->timer);
usb_kill_urb(m->urb);
cancel_work_sync(&m->work);
usb_free_urb(m->urb);
kfree(m);
```

Dongosolo la mizere ndilo mankhwala. Timer ikafa palibe wotumiza URB, URB ikaphedwa palibe woitana work, ndipo work yomaliza ikayesa kutchera timer siimveka. Koma makina anu a kwa makasitomala ali pa kernel ya Ubuntu, mwina 5.15. Pa kernel yomwe mulibe function imeneyi, dulani mkombero pa URB: usb_poison_urb choyamba, imene imapha URB n'kukaniza kuti isatumizidwenso, kenako cancel_work_sync, pomaliza del_timer_sync. Apa muonetsetse kuti handler ya timer, usb_submit_urb ikakana, siitana work. Njira yachiwiriyi imagwiranso pa 6.6, ndiye ngati mukufuna code imodzi ya ma kernel awiriwa, tengani imeneyi. Mu completion handler, status ikakhala -ENOENT, -ECONNRESET kapena -ESHUTDOWN, bwererani osaitana kanthu. -EPROTO, yomwe ndi -71 mu log, imabwera chingwe chikamasokonezeka kapena chida chikamazima. Iyo mutha kuyesanso, koma kudzera pa timer, osati kutumizanso URB pomwepo.

Mukakonza izi KASAN ili ndi ntchito yake, koma osati pa kamakina ka 4 GB. Funso lotsala ndi lakuti: ngati driver ili ndi fayilo mu /dev ndipo pulogalamu yanu yaitsegula, chimachitika n'chiyani ikapanga read mita itachoka? kfree ya mu disconnect imamasula struct yomwe file->private_data ikulozabe. DEBUG_OBJECTS singaone zimenezi poti mulibe timer, koma KASAN iziona pa read yoyamba. Mangani kernel yachiwiri, `-dbg2`, yokhala ndi KASAN_GENERIC ndi KASAN_INLINE, muiyendetse mu QEMU (makina ongoyerekeza) pa kompyuta yayikulu, mita muilowetse m'katimo:

`qemu-system-x86_64 -enable-kvm -m 4G -smp 4 -kernel arch/x86/boot/bzImage -append "root=/dev/vda console=ttyS0 nokaslr kasan_multi_shot" -drive file=root.img,if=virtio,format=raw -device qemu-xhci -device usb-host,vendorid=0x1234,productid=0x5678,id=mita -nographic -s`

Ma ID musinthe ndi a mita yanu. VIRTIO_PCI, VIRTIO_BLK ndi filesystem ya root zikhale =y, chifukwa localmodconfig ya pa kamakina mwina inazisiya. `-smp 4` ndi yofunika, pa CPU imodzi mipikisano yambiri siichitika. Mu monitor ya QEMU, `device_del mita` ndi kuzula chingwe. Lipoti la KASAN lili ndi zigawo zitatu zoti muwerenge: pomwe memory yakhudzidwa, "Allocated by task" ndi "Freed by task". Lipititseni mu `scripts/decode_stacktrace.sh vmlinux auto /njira/ya/module < mita.log` kuti mzere uliwonse ukhale ndi fayilo ndi nambala. Yankho la vuto limenelo likapezeka ndi kref, chowerengera omwe akugwira struct: disconnect ndi release aliyense apange kref_put, womaliza ndiye amasule. Compile ikaima pa "the frame size of ... bytes is larger than", ndi KASAN yakulitsa ma stack frame. Kwezani FRAME_WARN kapena zimitsani WERROR.

Mu QEMU momwemo gdb ndi yaulere, KGDB siifunika. `-s` imatsegula doko 1234, ndiye `gdb vmlinux`, `target remote :1234`, `lx-symbols /njira/ya/module`, kenako `hbreak mita_disconnect`. Popanda `nokaslr` ma address sagwirizana ndi vmlinux ndipo breakpoint siigwira. gdb ikakana kukweza vmlinux-gdb.py, pangani `make scripts_gdb` ndipo muike `add-auto-load-safe-path` mu ~/.gdbinit. Mudzaona "optimized out" pa ma variable ambiri. Kernel siimangika ndi -O0, koma pa module yanu yokha mutha kuika `ccflags-y += -Og`. KGDB pa makina enieni imafuna serial yeniyeni ya UART. Ka USB-to-serial kolowetsa pa makina omwe akufufuzidwawo sikagwira, chifukwa kernel ikaima USB nayonso yaima.

Nachisale_Randburg

A Kalua afotokoza bwino. Ndingowonjezera za makina omwe ali kunja, chifukwa loop ya authorized siifanana kwenikweni ndi magetsi ophethira. Pa authorized mita imakhalabe yamoyo, ndiye njira ya -EPROTO siiyesedwa. Ngati muli ndi hub yotha kuzimitsa magetsi a doko limodzilimodzi, uhubctl imadula VBUS yeniyeni, ndipo mayeso amenewo ndiwo ali pafupi ndi zomwe inverter imachita. Ma hub ambiri otchipa alibe luso limeneli, uhubctl ikuuzani yokha ngati yapeza loyenera.

Kwa makasitomala musatumize kernel ya lockdep kapena KASAN. Choyenera kumeneko ndi KFENCE, yomwe inalowa mu 5.12. Pa 100 ms iliyonse imatenga allocation imodzi n'kuiika pa page yakeyake yokhala ndi ma guard page m'mbali, ndipo object ikamasulidwa page imatsekedwa, woikhudza amagwidwa pomwepo. Ndi ma object 255 imadya pafupifupi 2 MB basi. Onani `grep KFENCE /boot/config-$(uname -r)`. Ngati ilimo koma SAMPLE_INTERVAL ndi 0, iyatseni ndi `kfence.sample_interval=100`. Koma musaidalire pa struct yanu yayikuluyo. Imatengedwa kamodzi pa probe, ndiye mwayi woti KFENCE isankhe iyoyo ndi wochepa. Imathandiza pa ma buffer omwe mumatenga n'kumasula kawirikawiri.

Phiri_Midrand

Pa mzere wa grub uja ndisiyane pang'ono ndi mayi Nachisale, pa makina a kunja okha. `hung_task_panic=1` ndi yabwino pa tebulo la mayeso, koma kwa kasitomala disk ya USB kapena NFS ikachedwa masekondi 120, zomwe zimachitika netiweki ikazima ndi magetsi, makina adzadzigwetsa okha popanda vuto lenileni. Kumeneko siyani `oops=panic panic=20 softlockup_panic=1` ndi pstore. `panic_on_warn` nayonso musaiike pa kernel ya DEBUG_OBJECTS pokhapokha mukufuna vmcore (chithunzi cha memory) ya kdump pa lipoti loyamba, chifukwa lipoti la ODEBUG ndi WARN, ndiye loop yanu idzafa pa kugwidwa koyamba.

Mukasintha code, yang'anirani lockdep, chifukwa mwalowetsa ma function odikira. del_timer_sync kapena timer_shutdown_sync ikaitanidwa mutagwira lock yomwe handler ya timer imaifunanso, ndi deadlock: inu mukudikira handler, handler ikudikira lock yanu. cancel_work_sync ndi chimodzimodzi pa mutex yomwe work imatenga. PROVE_LOCKING imaona dongosolo lotere ngakhale deadlock isanachitike, bola njira zonse ziwiri zayendapo kamodzi, ndipo imalemba "possible circular locking dependency detected". Ikalemba lipoti limodzi imazima, ndiye konzani loyambalo, dzutsaninso makina, muyesenso. Pamapeto a mayeso aliwonse onani kuti debug_locks ikadali 1, apo ayi kusowa kwa malipoti sikukutanthauza kanthu. MODULE_LICENSE ya driver yanu ikhale "GPL". Module ya kunja imangoika taint O ndipo lockdep imapitiriza, koma yomwe si GPL imaika P n'kuizimitsa ikangokwezedwa.

DEBUG_ATOMIC_SLEEP idzakuuzani ngati usb_submit_urb ya mu timer ili ndi GFP_KERNEL m'malo mwa GFP_ATOMIC, ndi mzere wa "sleeping function called from invalid context". Ngati mukufuna kuona dongosolo lomwe timer, completion ndi work zikutsatirana, musamwaze printk paliponse, netconsole imachedwetsa mzere uliwonse ndipo mpikisano ukhoza kubisalanso. Lembani dev_dbg, muyatse DYNAMIC_DEBUG, ndipo muzitsegula pomwe mukufuna ndi `echo 'module mita_usb +pflt' > /sys/kernel/debug/dynamic_debug/control`. Pa zothamanga kwambiri, trace_printk imalemba mu ring buffer ya ftrace m'malo mwa console, ndipo `ftrace_dump_on_oops` imatulutsa bufferyo pa netconsole makina akamagwa.